Ulendo wa sukulu kunja usathere m'manja mwa madobadoba

Msika wa fodya ukamatsegulidwa ku Chinkhoma, mabanja ambiri a m'dera la Mfumu Kaomba ku Kasungu amakhala atawerengera kale kopita ndalama za mabelo awo. Ena amaganiza za feteleza, ena za malata, koma alipo ena amene mtima wawo umakhala pa kalata imene mwana wawo walandira kuchokera ku sukulu ya ukachenjede yakunja. Kalata yotere imabweretsa nthungululu pamudzi. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti pakati pa kalatayo ndi ndege pali mtunda wautali wa zikalata, ndipo pamtunda umenewu ndi pomwe thukuta la mlimi limatayikira.

Kukaphunzira kunja si nkhani yachilendo ku Kasungu. Dr Hastings Kamuzu Banda adapita ku America mu 1925 mothandizidwa ndi mpingo wa African Methodist Episcopal, ndipo adamaliza maphunziro a udokotala ku Meharry Medical College mu 1937. William Kamkwamba wa ku Wimbe, yemwe adatchuka ndi makina opanga magetsi kuchokera ku mphepo, adadzera ku African Leadership Academy ku Johannesburg asanamalize digiri yake ku Dartmouth College mu 2014. Awiriwa adali ndi nzeru komanso khama, koma sadayende okha. Kumbuyo kwawo kudali anthu odziwa njira amene adawagwira dzanja.

Masiku ano njirayo yafika pothina. Mu November 2023 ndalama ya kwacha idagwa mphamvu ndi 44 peresenti, zomwe zidachititsa kuti tikiti ya ndege, fizi ndi malipiro a visa zikwere tsiku limodzi. Kumayambiriro kwa 2024 nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko muno idaleka kusindikiza mapasipoti kwa masabata angapo makina ake atasokonekera. Mu August 2025 dziko la America lidalamula kuti Amalawi ofuna visa yokacheza kapena yamalonda azipereka chikole chofika mpaka madola 15,000, lamulo lokhudza kholo lofuna kukaonerera mwambo wa digiri ya mwana wake ngakhalenso mphunzitsi woitanidwa kumsonkhano. Mu December chaka chomwecho dzikolo lidaika Malawi pamndandanda wa maiko omwe nzika zake zidaletsedwa kulandira ma visa ena, kuphatikizapo a ophunzira.

Maiko ena nawo ali ndi zofuna zawo. Wopita ku Britain amafunika nambala yochokera kusukulu yotsimikiza kuti wapatsidwa malo, chikalata chakuchipatala chosonyeza kuti alibe chifuwa chachikulu, komanso umboni woti ndalama zokwanira zakhala ku banki kwa masiku 28 otsatizana. Wopita ku South Africa angathe kulowa ngati mlendo popanda visa, koma sangaphunzire popanda visa ya sukulu ndi inshulansi ya chipatala. Maiko ena alibe n'komwe ofesi ya kazembe ku Lilongwe. Kuphonya chimodzi mwa izi ndiye kuti visa yakanidwa, ndipo ndalama zofunsira sizibwezedwa.

Tsono mwana wa mlimi wa kwa Kaomba, yemwe kwawo palibe adakwerapo ndege, izi akazimva kwa yani? Apa ndi pomwe madobadoba amapezerapo mpata. Amalonjeza pasipoti yachangu, malo a sukulu ndi visa nthawi imodzi, bola banja lilipire. Ena amafika popangira mwana chikalata chabodza cha ku banki, osamuuza kuti ku Britain wogwidwa ndi chinyengo chotere angathe kuletsedwa kulowa m'dzikolo kwa zaka 10. Nkhani ya amayi a dziko lino omwe adalonjezedwa ntchito zabwino ku Oman n'kukalandidwa mapasipoti atafika, imene wailesi ya BBC idaulutsa mu 2024, ndi chenjezo lokwanira la komwe malonjezo a anthu otere amathera.

N'chifukwa chake sukulu za ukachenjede za boma, zomwe ndi Unima, Mzuni, Luanar, Must, Mubas ndi Kuhes, ziyenera kuona nkhani ya maulendo ndi ma visa ngati gawo la ntchito yawo. Kusainirana mapangano ndi sukulu zakunja pamaso pa atolankhani n'kosakwanira ngati wophunzira wosankhidwa akusiyidwa kuti azilimbana yekha ndi mafomu. Pakufunika ofesi yodziwika, yokhala ndi munthu wodziwa malamulo a maiko osiyanasiyana, wounika zikalata zisanatumizidwe, wolemba makalata a umboni panthawi yake, komanso wosunga kaundula wa aliyense amene wapita kuti pakagwa vuto adziwike komwe ali. Ofesiyo isamathandize akuluakulu a sukulu okha popita kumisonkhano. Wophunzira wochokera kumudzi ndiye woyenera kukhala woyamba pamzere.

Boma nalo lili ndi mbali yake. Mwana amene ali ndi kalata ya sukulu ndi tsiku loyambira maphunziro sayenera kugona pakhonde la ofesi ya mapasipoti ku Lilongwe kudikira kabuku kamene adalipira kale. Uthenga wa momwe munthu angafunsire malo ndi visa ufikenso kumaofesi a maphunziro a m'maboma ndi kusukulu za sekondale, chifukwa ena opita kunja amachokera ku Fomu 4 osadzera ku yunivesite ya m'dziko muno.

Makolo akumbukire kuti safunsa adadya phula. Asanagulitse ng'ombe kapena kubwereketsa munda, afunse ku bungwe la National Council for Higher Education ngati digiri ya sukuluyo idzavomerezedwe mwana akadzabwerako. Fizi ilipiridwe ku akaunti ya sukulu, osati m'manja mwa munthu. Thandizo la maphunziro ngati la Chevening, Commonwealth ndi Beit Trust salipiritsa polembera, choncho wouza banja kuti ligule malo oterewa ndi wakuba. Ndipo palibe dobadoba amene ali ndi mphamvu yopereka visa. Mphamvuyo ili ndi dziko lomwe munthu akupitako.

Ophunzira amene mwayi wawagwera azindikirenso kuti anyamula dzina la dziko lonse. Chimodzi mwa zifukwa zimene America idapereka pokhwimitsa malamulo ake n'chakuti ena amapitirira masiku a visa yawo osabwerera. Nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Wotsalira kunja mozemba amatsekera khomo mng'ono wake amene akadali pasukulu kumudzi.

Mlimi wa fodya amadziwa kuti ndalama ya belo imabwera kamodzi pachaka, pambuyo pa miyezi yambiri ya nazale, munda ndi chigafa. Ndalama yotereyi ikatayika kwa dobadoba kapena pafomu yolembedwa molakwika, banja lonse limabwerera m'mbuyo. Sukulu za ukachenjede ndi boma zitsegule ofesi zothandiza ana amenewa, ndipo makolo asatulutse tambala asanafunse kwa oyenera.