Za Maulendo: Kukonzekera Ulendo wa ku Chilumba cha Iona

Mwezi uno tikambirane za Iona, kachilumba ka miyala ndi mphepo kamene kali kumadzulo kwa dziko la Scotland, m'nyanja yaikulu ya mchere ya Atlantic. Abale athu ambiri tsopano akukhala ku Britain, ena pa ntchito, ena pa maphunziro, ndipo makolo amene apita kukaona ana awo kumeneko angathe kulakalaka kukaponda pa malo otchukaŵa. Ulendowu ndi wokoma, koma wosakonzeka bwino angathe kutaya ndalama zambiri nabwerera asanaone chimene anapitira.

Tiyambe ndi chifukwa chopitirako. M'chaka cha 563 Columba, mmonke wa ku Ireland, anakocheza pa chilumbachi pamodzi ndi anzake 12, namangapo nyumba ya mapemphero ndi maphunziro. Anamwalira pomwepo mu 597, koma ntchito yake sinafe. Kuchokera pa Iona, Uthenga Wabwino unafalikira m'madera ambiri a Scotland, ndipo mu 635 Aidan ananyamuka pomwepa kukayamba ntchito ku Lindisfarne, kumpoto kwa England. Mavuto sanasoŵe: ankhondo a pa nyanja otchedwa Vikings anathira nkhondo chilumbachi kangapo, ndipo mu 806 anapha anthu 68 a pa nyumba ya amonke ija. Nyumba yaikulu ya miyala imene tikaione lero inayamba kumangidwa cha m'ma 1200, ndipo pambuyo pake inasanduka bwinja. Mu 1938 Mbusa George MacLeod, amene ankatumikira ku Govan mu mzinda wa Glasgow, anatenga amisiri osoŵa ntchito pamodzi ndi abusa achinyamata kuti akamangenso mbali zina zakugwa, agwire ntchito limodzi ndi kudyera m'mbale imodzi. Apo ndi pamene panabadwira gulu la Iona Community, limene lilipo mpaka lero. Ife amene Uthenga unatifika kudzera mwa amishoni ochokera ku Scotland tili ndi chifukwa chokwanira chofunira kuona kumene muniwo unayakira.

Tsono njira yake ndi yotani? Tinene poyera kuti ndi yaitali, ndipo ili ndi zigawo zinayi. Choyamba tikwera sitima ya pamtunda ku Glasgow, pa siteshoni ya Queen Street, kukatsikira ku doko la Oban. Pamenepa patha maola atatu. Chachiŵiri tikwera sitima ya pamadzi ya kampani ya Caledonian MacBrayne kuwolokera ku Craignure, pa chilumba chachikulu cha Mull. Apa sipakwana ola lathunthu. Chachitatu tikwera basi kudutsa Mull mpaka ku mudzi wa Fionnphort, mtunda wa makilomita pafupifupi 60. Mseu wake m'malo ambiri ndi wopapatiza, wokwana galimoto imodzi, kotero kuti oyendetsa amapatsana njira pa timalo topatukira. Tiyembekeze kukhala m'basimo kupitirira ola limodzi. Chachinayi tikwera sitima yaing'ono imene imatiwolotsa kwa mphindi 10 zokha, n'kutitula pa Iona.

Chinsinsi cha ulendowu chagona pa kulumikiza zigawo zinayizi. Tikaphonya chimodzi, zotsalazo zasokonekera. Chifukwa chake tiyenera kuŵerenga ndandanda ya nthaŵi za sitima ndi basi tisananyamuke, ndi kuiŵerenganso m'maŵa wa tsiku la ulendo, pakuti imasintha malinga ndi nyengo, ndipo pa Sabata maulendo amachepa. Akulu anati safunsa adadya phula. Amene tinakwerapo Ilala kupita ku Likoma tikudziŵa mmene mwera umautsira mafunde. Koma Atlantic ndi yaukali koposa, madzi ake ndi ozizira, ndipo amadzaza ndi kuphwa kaŵiri pa tsiku. Mphepo ikakula sitima siziwoloka, ndipo palibe wodandaulira. Tisakonze zobwerera ku Glasgow tsiku lomwelo limene tikwere ndege ya kumudzi. Tisiye tsiku limodzi kapena aŵiri apadera, ndiponso ndalama zogonera usiku wina ngati nyanja itatitsekera njira.

Nyengo yabwino yopitira ndi kuyambira Meyi mpaka Sepitembala. Mu Juni dzuŵa limaloŵa cha m'ma 10 koloko usiku, kotero munthu amayenda nthaŵi yaitali kukuŵala. Mu Disembala kumada msanga masana, namondwe amachuluka, ndipo nyumba zambiri za alendo zimakhala zotseka. Komabe ngakhale m'miyezi yofunda mvula imagwa nthaŵi ina iliyonse. Titenge jekete losaloŵa madzi, majuzi aŵiri, chipeŵa chofunda ndi nsapato zolimba zoyendera m'matope. Ambulera tiisiye, pakuti mphepo ya kumeneko siichedwa kuithyola. Amayi amene amakonda chitenje avale zofunda m'kati. Tiziromba ting'onoting'ono toluma timavutanso madzulo kukakhala bata, choncho mankhwala odzola otithamangitsa asasoŵe m'chikwama.

Chilumbachi n'chaching'ono, makilomita 5 m'litali ndi pafupifupi 2 ndi theka m'lifupi, ndipo anthu okhazikikapo sakwana 200. Malo ogona ndi oŵerengeka, motero tiyenera kusungitsa malo miyezi ingapo tisanapite. Mlendo saloledwa kuwolotsa galimoto popanda chilolezo chapadera. Yathu tidzaisiya ku Fionnphort ndi kuyenda pansi. Masitolo ndi ochepa, ndipo chipatala chachikulu chili kutali. Agogo amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku atenge okwanira masiku onse ndi ena owonjezera. Ochokera ku Malaŵi akumbukirenso kuti kuloŵa m'dziko la Britain kumafuna viza, imene imapemphedwa nthaŵi ikadalipo.

Ambiri amafika masana, nakhala maola aŵiri kapena atatu, nathamangira sitima. Ife tikulangiza kugonako usiku umodzi kapena kuposerapo, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Khamu likachoka madzulo, pamatsala bata, kulira kwa mbalame ndi phokoso la mafunde. Tidzaone mtanda wa mwala wa St Martin, umene waima pa malo ake zaka zoposa 1,000, ndi manda akale a Reilig Odhráin, m'mene mbiri imati munaikidwa mafumu a Scotland. Amphamvu akwere kaphiri ka Dùn Ì, kotalika mamita 101, kumene zilumba zina zimaonekera patali. Njira yopita ku gombe la kumwera, kumene amati Columba anakocheza, ndi ya zithaphwi ndi miyala yoterera, ndipo imadya maola angapo kupita ndi kubwera. Tisapiteko tokhatokha, tiuze eni nyumba kumene taloŵera, ndipo ana tisaŵataye maso pafupi ndi maphompho.

Nyanja ikakhala bata, mabwato amanyamula alendo kupita ku Staffa, chilumba chopanda anthu chimene chili ndi phanga la Fingal ndi mizati ya mwala yoima ngati yosemedwa ndi mmisiri. Kutsikako kumadalira mafunde, ndipo mawu a woyendetsa bwato ndiwo omaliza. Okhala ndi tsiku lina lapadera angathe kukaonanso Ulva, kachilumba koyandikana ndi Mull. Kumeneko ndiko kunachokera agogo ake a David Livingstone, amene mu 1792 anasamukira ku Blantyre wa ku Scotland, kumene David anabadwira mu 1813.

Potsiriza, tikhale pansi monga banja tisanagule tikiti ina iliyonse. Tiŵerengere mtengo wa zigawo zonse zinayi kupita ndi kubwera, malo ogona, chakudya ndi ndalama yoloŵera pa nyumba yakale ija. Ngati thumba silikukwana chaka chino, tidikire chaka chamaŵa; fizi ya ana isathere pa ulendo. Ndipo tikafika, tikumbukire kuti pamene ife tapita kukacheza, eni ake ndi pamudzi pawo: titseke zipata za nkhosa, tilemekeze manda, ndi kuloŵa m'nyumba ya mapemphero mwaulemu. Ambuye akutsogolereni pa mtunda ndi pa nyanja pomwe. Tidzakumanenso mwezi wamaŵa.