Msangu Ndi Mbale wa Nshawa

Mlimi wonola nkhwangwa kuti agwetse msangu m'munda mwake ayenera kudziwa kuti mtengowo ndi mbale wa nshawa. Akatswiri a zomera, kuyambira masiku a Carl Linnaeus wa ku Sweden amene analemba buku lake mu 1753, sasamala msinkhu. Amayang'ana duwa ndi cipatso. Msangu, nshawa, nyemba ndi nzama zimabala mbeu m'makoko, motero ndi banja limodzi, ngakhale kuti pakati pa nshawa zokhazokha Chalimbana imasiyana ndi Makulu Red.

Cibale cimeneci cimaonekanso kumizu, kumene kumakhala tinthu totupa tokonza conde. Msangu umaposa abale ake: mvula ikayamba umayoyola masamba, amene amaolera m'nthaka, ndipo cimanga ca pansi pake cimakula cobiriwira, cosasowa dzuwa.