Maondo a mwana akatupa, tisathamangire mphini

Pali nthenda ina imene achipatala kuno amaitchula kuti fibrose quística, kutsidya ku Malawi amati cystic fibrosis. Mwana amachita kubadwa nayo, atatengera kwa bambo ndi mayi omwe, ngakhale makolowo ali bwinobwino. Siyofala kwathu kuno, ndipo savuta kuisokoneza ndi TB kapena kunyentchera. Makhololo amanata ngati ulimbo, mwana amatsokomola chaka ndi chaka, sanenepa, thukuta lake limakhala lamchere kwambiri.

Nthendayi imafikanso m'mfundo za mafupa. Maondo, akakolo ndi mikono zimatupa n'kuwawa kwa masiku angapo, n'kusiya, n'kudzayambiranso. Kwa ena ululu umakula chifuwa chikavuta.

Apa m'pamene timaphonya. Agogo amati ndi nyamakazi, n'kutenga lumo kutema mphini. Bambo amathamangira kumsika kukagula Brufen kapena diclofenac. Ine ndikuti ayi. Mwanayu akhoza kukhala akubayidwa jakisoni wa gentamicin, ndipo kuphatikiza ndi mapiritsi amenewa kungaononge impso. Nayenso ciprofloxacin amatha kuwawitsa mfundo, choncho dokotala ayenera kumva za ululuwo.

M'thoweni ndi nsalu yofunda, m'patseni paracetamol molingana ndi sikelo yake, amwe madzi ambiri. Apume masiku otupa okha. Akapezako bwino ayende, asewere, chifukwa kumangogona kumadzaza makhololo m'chifuwa. Bondo likatentha, thupi n'kutenthanso, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, kaya kuno kaya kutsidya, mutanyamula khadi ndi mankhwala onse amene akumwa.