Za Zidziwitso za Khonsolo ndi Abale Athu Olumala

Nkhani imene tifuna kuchula mwezi uno ndi ya mau a boma, ndiwo zidziwitso zimene zituruka ku khonsolo ndi ku maofesi ace, ndi ya anthu amene mauwo sawafika. Tinena za osaona, za osamva, ndi za opuwala miyendo amene tikhala nao m'midzi yathu kuno ku mapiri a Dedza. Mlandu wathu ndi uwu: cidziwitso cimene cikonzedwa kuti cifike kwa a maso ndi a makutu okha ciri cosakwanira, ndipo ofesi imene ilengeza motero yasiya nchito yace panjira. Tinena poyera, pakuti amene apwetekedwa ndi nkhaniyi ndiwo amene mau ao samveka kawirikawiri pa misonkhano.

Poyamba tiwerenge anthu, kuti wina asanene kuti tiri kukangana cifukwa ca anthu awiri kapena atatu. Kalembera wa caka ca 2018 anapeza kuti mwa anthu a zaka zisanu ndi kuposa m'dziko lonse la Malawi, oposa mmodzi mwa khumi ali ndi cilema ca mtundu wina, ndipo pafupifupi theka la iwo bvuto lao ndi la maso. Kalembera yemweyo anawerenga anthu 134,636 a khungu la cialubino, amene ambiri a iwo abvutika kuona zilembo zazing'ono. Boma lathu la Dedza linali ndi anthu oposa 830,000. Safunika mphunzitsi wa masamu kuti atiuze kuti olumala m'boma lino ali zikwi makumi angapo. Kumbukirani nkhalamba zimene ng'ala yatseka maso, zimene zidikira tsiku lakupita ku cipatala ca maso ku Nkhoma. Kumbukiraninso ana amene matenda anawatseka makutu. Onsewa ali nzika, ndipo akagulitsa mbatata pa msika alipira msonkho wofanana ndi wathu.

Tsono m'zidziwitso muli ciani? Kuyambira caka ca 1998, pamene lamulo la maboma aang'ono linakhazikitsidwa ndi mphamvu zinayamba kuperekedwa ku makhonsolo, zinthu zambiri za moyo wa m'mudzi zidzera pa khonsolo. Tsiku lakulemba maina a Mtukula Pakhomo, malo ogulira feteleza wotsika mtengo, nchito zimene zapezeka ku maofesi, kugawa kwa malo, tsiku la katemera, msonkhano wa ndalama za citukuko, zonsezi zifika ndi cidziwitso. Ndipo zambiri mwa izi ziri ndi tsiku lotsekera. Womva mocedwa afanana ndi wosamva konse, pakuti apeza buku la maina latsekedwa. Zina ziri za moyo ndi imfa. Kolera amene anabuka m'caka ca 2022 ndi kupitirira m'caka ca 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Pa masiku otere cenjezo la madzi akumwa liposa ndalama, ndipo munthu amene cenjezo silinamfike amwa madzi amene anzace aleka.

Taonani njira zimene mau a boma ayendamo. Yoyamba ndi bolodi la pa ofesi, pamene akhomapo pepala. Wosaona aima pomwepo osadziwa kuti dzina lace liri patsogolo pace. Wopuwala wa ku Mtakataka kapena ku Golomoti ayenera kulipira galimoto yokwera Khwekhwelere, ndipo akafika pa ofesi iri yonse imene khomo lace liri ndi makwerero okha, akhala panja kudikira womnyamula. Njira yaciwiri ndi wailesi, ndi galimoto ya cimkuzamau, ndi mnyamata wa mfumu amene apfuula madzulo pa bwalo. Izi zithandiza wosaona, koma wosamva aona pakamwa pa anthu pali kugwedezeka, iye osatolapo kanthu. Njira yacitatu ndi yatsopano, ya foni ndi intaneti, ndipo ndi iyi imene tifuna kuinena kwambiri, cifukwa ikadatha kutsegula makomo onse, koma tiri kuimanga ndi zopinga zakale zomwe zija.

Ambiri a ife sitidziwa kuti wosaona akhoza kuwerenga pa foni. M'mafoni a Android muli cipangizo cochedwa TalkBack, cimene cinena ndi mau zonse zolembedwa pamene munthu ayendetsa cala pa galasi. Pa kompyuta pali cina cochedwa NVDA, cimene anacipanga anyamata awiri osaona a ku Australia, Michael Curran ndi James Teh, kuyambira caka ca 2006, ndipo ciperekedwa kwaulere. Koma zipangizo izi ziwerenga bwino zilembo zotaipidwa, cithunzi cizibvuta. Tsono kacitidwe kamene kafala m'maofesi ambiri ndi aka: kalata italembedwa, nisainidwa, nidindidwa, wina aijambula ndi foni, naitumiza cithunzico pa Facebook kapena pa WhatsApp. Kwa ife a maso iri kalata. Kwa wosaona makina anena kuti pali cithunzi, nakhala cete, kapena ayesa kuwerenga nasokoneza masiku ndi maina, makamaka pepala likajambulidwa copendeka kapena mu mdima. Kalata ija inabadwa ndi zilembo pa kompyuta ya mlembi. Amene anaisandutsa cithunzi ndiye anatseka khomo. Cimodzimodzi ndi kanema wa mkuru wa boma ali kulankhula, wopanda mau olembedwa pansi pace ndi wopanda womasulira m'cinenero ca manja: wosamva aona tayi ndi jekete, uthenga ai.

Asanene munthu kuti olumala sanacite mbali yao. Louis Braille, mnyamata wa ku France amene anacita khungu ali mwana, anakonza zilembo za timadontho tisanu ndi kamodzi ali ndi zaka 15, nazisindikiza m'caka ca 1829. M'caka ca 1905 Mai Issie Hofmeyr anayamba kuphunzitsa osaona ku Magwero, pafupi ndi Chipata, pakati pa anthu a cinenero cathu comwe. Ku Chilanga m'boma la Kasungu kuli sukulu ya osaona, ndipo m'boma lathu lomwe lino, pa Mua, pali sukulu ya ana osamva. Ana amenewa aphunzira ndi thukuta loposa lathu, natuluka odziwa kuwerenga ndi kulemba. Kodi nkwabwino kuti atatha zonsezi apeze kuti ofesi ya kwao ilankhula m'njira imene iwo okha sangaimve? Tawaphunzitsa kuwerenga, ndipo tawamana cowerenga.

Tidziwa mayankho amene aperekedwa, ndipo tiwayankha limodzi limodzi. Loyamba ndi lakuti khonsolo iribe ndalama. Inde, makhonsolo athu ali osauka, ndipo makina osindikiza zilembo za Braille ali okwera mtengo. Koma kodi zitenga makwaca angati kuti mlembi akope mau a kalata, nawaike monga zilembo pamodzi ndi cithunzi cija? Zitenga angati kulemba pansi pa cithunzi ca mpope kuti ici ndi cithunzi ca mpope wa mudzi wakuti? Zitenga angati kulemba ndi zilembo zazikuru zakuda pa pepala loyera, m'malo mwa zilembo zazing'ono zotuwa? Bungwe la W3C, limene liyang'anira miyezo ya intaneti, linaturutsa malangizo a zimenezi m'caka ca 1999, niliwakonzanso m'caka ca 2008, ndipo ali yense awawerenga kwaulere. Cimene cisowa pano ndi munthu wolamulidwa kukumbukira, ndi mkuru wofunsa ngati wakumbukira.

Yankho laciwiri ndi lakuti olumala ali ndi acibale owawerengera. Ili ndilo litiwawa koposa, cifukwa liri ndi maonekedwe a cifundo. Taganizani inu bambo wa banja, kuti kalata iri yonse ya ndalama zanu, ya munda wanu, ya matenda anu, iyambe yadzera m'kamwa mwa mphwanu kapena mlamu wanu. Akakhala wokhulupirika, mudikira kuti abwere kucokera ku dimba. Akakhala wa mtima wina, akuuzani zimene afuna, nabisa zimene afuna. Ndipo nkhani za malo ndi za ndalama ndi zimene zigawanitsa abale. Makolo anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Cidziwitso cimene ciri m'manja mwa wina si cako. Munthu wamkuru ayenera kumva za iye mwini ndi makutu ace, kapena ndi zala zace, kapena ndi maso ace.

Yankho lacitatu ndi lakuti olumala ambiri a kumudzi alibe mafoni otere. Izi nzoona, ndipo cifukwa cace sitinena kuti intaneti ilowe m'malo mwa bwalo la mfumu. Tinena kuti uthenga umodzi uyende m'njira zingapo, kuti wotsekeredwa uku alowere uko. Ndiponso foni imodzi ya wosaona wophunzira itumikira anzace ambiri, pakuti iwo adziwana ndipo ali ndi mabungwe ao. Cidziwitso cikafika bwino kwa mmodzi ku Linthipe, madzulo cafika ku Mayani ndi ku Lobi. Tisaiwalenso kuti mau olembedwa apepuka: kumene netiweki iri yofooka cithunzi cikana kutseguka ndipo cidya ndalama, koma zilembo zifika. Cotero cimene ticitira wosaona cithandizanso mlimi wa maso awiri amene ali kuseri kwa phiri la Chongoni.

Ndipo tisapemphe monga opempha mphatso, pakuti malamulo ali mbali yathu. Malamulo akuru a dziko lino a caka ca 1994, pa gawo 20, aletsa tsankho cifukwa ca ulumali. M'caka ca 2009 Malawi anabvomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala, limene pa gawo 9 ndi gawo 21 linena kuti maboma apereke uthenga wa anthu onse m'njira zimene olumala angazigwiritse nchito. M'caka ca 2012 kunabwera lamulo la anthu olumala. Lamulo lopatsa nzika ufulu wakupeza nkhani za m'maofesi a boma linayamba kugwira nchito pa 30 September 2020. Ndipo m'caka ca 2024 kunadza lamulo latsopano la anthu olumala, limene linakhazikitsa bungwe la MACODA m'malo mwa MACOHA ya 1971. Malamulo alipo okwanira. Koma lamulo losungidwa m'kabati lifanana ndi mbeu yosungidwa m'nkhokwe kufikira mvula yatha.

Cifukwa cace tipempha khonsolo ya Dedza, ndi makhonsolo onse, zinthu izi. Cidziwitso ciri conse coikidwa pa intaneti cikhale ndi mau ace otaipidwa, m'Cicewa comveka, osati m'Cingerezi cokha. Cithunzi ciri conse cikhale ndi mau ocifotokoza. Kanema akhale ndi mau olembedwa, ndipo pa misonkhano yaikuru pakhale womasulira m'cinenero ca manja. Cimene cakhomedwa pa bolodi cinenedwenso pa wailesi ndi pa bwalo, ndipo cimene canenedwa pa wailesi cilembedwenso. Bolodi likhale pamalo pamene njinga ya wopuwala ifika, ndi pa msinkhu umene munthu wokhala pansi awerenga. Koposa zonse, olumala eni ace ayese nchitoyo isanaturuke. Mabungwe ao alipo, FEDOMA, Malawi Union of the Blind, ndi MANAD ya osamva, ndipo wosaona mmodzi wokhala pa kompyuta ola limodzi adzapeza zopinga zimene a maso khumi sangazione mwezi wathunthu.

Tsono titembenukire kwa ife eni, anthu a m'mipingo ya m'midzi. Palibe bwalo lina limene lisonkhanitsa anthu sabata ndi sabata monga chalichi, ndipo maofesi adziwa ici, natumiza makalata ao kuti awerengedwe pa nthawi ya zolengeza. Inu alembi a mpingo, muwerenge mokweza ndi mosathamanga, ndi kubwereza tsiku ndi malo kawiri. Ndipo pepalalo mulipereke m'manja mwa wosamva wodziwa kuwerenga, asaturuke wopanda kanthu. Inu akuru a mpingo ndi amai a Cigwirizano, mudziwa nyumba iri yonse m'mene muli wosatha kuyenda. Poyendera odwala tengani ndi uthengawo. Inu anyamata ndi atsikana a mafoni, mukalandira cithunzi ca kalata, taipani mau ace musanatumize kwa ena. Ndipo inu amene mukhala m'makomiti a citukuko a m'mudzi ndi a m'dera, khansala wanu akafika mumfunse poyera kuti cidziwitso cakuti cinafika bwanji kwa osaona ndi osamva a dera lace. Akayankha mozemba, mumfunsenso mwezi wamawa, ndipo funsolo lilembedwe m'buku la msonkhano.

Akuru akale anati lungalunga mpobadwa, cilema cicita kudza. Maso amene awerenga mau ano adzacita cidima ukalamba ukafika, ndi makutu adzalemera. Njira imene tikana kulambulira anzathu lero ndiyo imene tidzaifuna tokha mawa, ndipo pa tsikulo mau athu adzakhala ocepa mphamvu. Tiyeni tinene tsopano, pamene makhansala ali kutimva, ndipo tisaleke kufikira cidziwitso ca khonsolo cifika pa khomo liri lonse.