Za Kusankha Mthuthuthu wa Ulendo Wautali

Pa nyengo yogulitsa nandolo ndi mpunga, eni mabanja ambiri kuno ku Phalombe amawerenga ndalama zao, nalingalira zogula njinga yamoto, imene akuluakulu aitcha mthuthuthu. Chifuniro chao nchabwino ndithu: afuna kufika msanga ku ukwati, ku maliro, ndi kwa ana ophunzira ku Zomba kapena ku Blantyre, osayembekeza minibasi pa Migowi kufikira dzuwa litapendeka. Tsono tikambirane za masankhidwe ake, pakuti thukuta la chaka chonse likhoza kutayika m'tsiku limodzi.

Anyamata atisonyeza m'mafoni mwao njinga zazikulu zimene anthu akunja ayendera maiko akutali. Mtundu umenewu unamveka pamene a BMW anatulutsa R 80 G/S m'chaka cha 1980, ndipo a Honda anatsata ndi Africa Twin mu 1988. Zidzukulu zake za lero nzamphamvu, nzokoma m'maso, koma zilemera makilogalamu oposa 220, ndipo injini zake zilamulidwa ndi kompyuta. Taganizani njinga yotere itagona m'matope ku Nambazo: adzaidzutsa ndani? Makaniko wa pa Chiringa, angakhale ali waluso, alibe chida choyezera matenda ake, ndipo kachitsulo kamodzi kakathyoka mudzakayembekeza kuchokera ku Johannesburg.

Ife titi, woyamba kumfunsa ndiye mseu. Wa phula tiri nao, wochokera ku Zomba kudzera pa Jali ndi Phalombe kufikira pa Chitakale, koma abale athu ambiri sakhala m'mbali mwake. Wopita ku Muloza kuseri kwa phiri akumana ndi mitsinje. Wokwera pa mpata wa Fort Lister, pakati pa Michesi ndi Mulanje, akumana ndi miyala. Wotsikira ku nyanja ya Chilwa apeza pfumbi m'chilimwe ndi makande m'dzinja. Makandewo ndiwo mdani weniweni, pakuti amamatirira pakati pa tayala ndi madigadi kufikira gudumu laleka kuzungulira. Tikumbukanso mwezi wa March 2023, pamene namondwe Freddy anakokolola milatho, anthu a ku Nkhulambe natsekeredwa masiku ambiri. Pa malo otere njinga imawoloka pa mapewa a anthu. Chifukwa chake funani yopepuka, ya mimba yotalikira pansi, ya madigadi otukuka, ndi gudumu lakutsogolo lalikulu, la mainchesi 19 kapena 21, limene likwera mwala mosabvuta.

Yamaha AG200, imene tiiona ndi anchito a zaumoyo ndi alangizi, iri nazo zambiri za izi: tcheni chake nchobvundikira kuti chisadye pfumbi, ndipo iri ndi kaliyala kutsogolo ndi kumbuyo. Koma anaipangira mlimi ndi katundu wake. Musanaigule yang'anitsani ngati iri ndi pokhala ndi popondera pa munthu wachiwiri, ndipo mtengo wake suli wa aliyense. Bajaj Boxer ya ku India iri ndi chishalo chachitali chosalala, chokomera mayi pa ulendo wautali, ndi thanki ya malita 11, chinthu chosanyozeka pokumbuka kuti kuyambira 2022 petulo wakhala akusowa nthawi ndi nthawi. Magudumu ake okha ndiwo ang'ono, a mainchesi 17. Za ku China, monga Lifo ndi Sanlg zimene a kabaza azikonda, nzotsika mtengo, koma zifuna mwini wosatopa kumanga mabauti.

Pakati pa izi, ife tikadasankha ya injini ya 125 kapena 150 cc, imene zitsulo zake ziri pafupi. Musanatulutse ndalama, pitani ku msika wa kwanu, muone zimene zapachikidwa m'maokala: matcheni, mabuleki, machubu, mapulagi. Mufunsenso makaniko kuti ndi njinga iti imene imabwera kwa iye kawirikawiri, ndi nthenda yanji. Wogulitsa adzatama zonse. Wokonza ndiye adziwa za m'kati.

Musaiwale mapepala. Njinga zambiri zilowa kuchokera ku Milange, ku Mozambique, ndipo yosalipiridwa msonkho kwa a MRA singalembetsedwe nambala. Yopanda nambala ndi inshuwalansi idzathera ulendo wake pa chipata cha apolisi. Laisensi ya A1 ilola injini yosapitirira 125 cc, yoposa apo ifuna laisensi ya A.

Tsopano mau olimba, ndipo tiwanena kwa inu a bambo. Palibe mthuthuthu, waukulu kapena waung'ono, umene unapangidwira banja lonse: unyamula anthu awiri. Taona ndi maso athu bambo akuyendetsa, mwana ali pa thanki, mayi ali kumbuyo atabereka khanda, ndi thumba la chimanga pa kaliyala. Mabuleki sanayesedwe ndi katundu wotere, ndipo kutsogolo kukapepuka njinga simvera mwini wake pokhota. Mwana wa pa thanki amaodzera dzuwa likatentha, ndipo khanda la kumsana liribe chisoti chimene chingalikwane. Pa mtengo wa njinga muwerengerepo zisoti ziwiri zomanga pa chibwano. Inunso a mayi, khalani motangadza, musakhale chammbali. Mukwinye nsalu kuti isakodwe m'masipoko, ndipo mwendo utalikire paipi ya utsi, imene yaocha ambiri.

Nanga ana apita bwanji? Pa ulendo wa ku Zomba akwere minibasi pamodzi ndi mai wao kapena azakhali, bambo atsogole pa njinga ndi katundu wopepuka, akawachingamire pa depoti.