MAWU A ABUSA: Botolo Latha, Koma Poizoni Sanathe



Mwezi wathawu ndinali pa ulendo woyendera mlaga wina kumapiri a Tsangano. Powoloka kamtsinje ndinapeza mnyamata akutsuka pampu yopopera mankhwala, atachokera kumunda wa mbatata ya kachewere. Madzi oyera ngati mkaka anali kutsikira kumunsi, kumene amayi awiri ankatunga madzi ndipo ana ankagwira nkhanu. Nditafika kumudzi anandilandira bwino ndi nsima ya ndiwo za nyemba. Koma mafuta ophikira anali m'botolo lokhala ndi mzere wofiira m'munsi mwake.

Ndinafunsa kuti, "Amayi, kodi m'botolomu munali chiyani kale?"

Iwo anayankha mwaulemu kuti, "Munali mankhwala a tomato, abusa, koma ndinatsuka bwinobwino ndi sopo ndi phulusa."

Amayiwa si osasamala. Ndi aukhondo ndithu, ndipo anachita chimene tonse tinaphunzira kwa makolo, chosataya chiwiya chimene chingagwirebe ntchito. Koma chiwiya ichi ndi chosiyana ndi zina. Pulasitiki amamwa mankhwala monga momwe mphika wadothi umamwera fungo la nsomba, ndipo amawatulutsa pang'onopang'ono m'mafuta, m'mchere kapena mu thobwa. Mzere wofiira pa botolo ndi chizindikiro chakuti mankhwalawo ndi oopsa kwambiri.

Sindikunena kuti tileke kupopera. Amene analimapo mbatata amadziwa kuti chiwawu chikalowa m'nyengo ya nkhungu ndi mvula, munda umapserera m'masiku ochepa. Abale athu a ku Macanga ali ndi nazale za fodya zofunika kuzisamalira. Ndiponso kuyambira 2017, pamene mbozi za ntchemberezandonda zinafika m'dziko lathu, ngakhale chimanga chikufuna mankhwala. Funso langa lili pa zotsala: botolo lopanda kanthu ndi madzi otsukira pampu, kodi zimapita kuti?

Akatswiri a zachilengedwe afufuza funso lomweli kwa zaka zambiri. Ku Ulaya, poyeza madzi a m'mitsinje yodutsa m'minda, anapeza chinthu chodabwitsa. Gawo lalikulu la mankhwala opezeka m'madzimo silichokera m'munda momwe anapopera, koma pamalo amene mlimi amasungunulira mankhwala ndi kutsukira pampu. M'munda mankhwala amamwazika pamalo aakulu, ndipo dzuwa ndi tizilombo ta m'nthaka timawaphwanya. Koma potsukira pampu amagwera pamodzi, kawirikawiri, ndiponso pafupi ndi madzi. Kwa ife uwu ndi uthenga wopatsa chiyembekezo, chifukwa malo amenewo ndi ochepa ndipo ali m'manja mwathu.

Pa za botolo, mabungwe a FAO ndi WHO anatulutsa malangizo mu 2008 otsimikizira njira yotsuka katatu. Botolo likangotha, lizondotseni pakamwa pa pampu kwa masekondi 30 kuti madontho onse atsike. Thirani madzi oyera kufika pa gawo limodzi mwa magawo anayi, tsekani, khutchumulani kwa masekondi 30, ndipo thirani madziwo mu pampu. Chitani zimenezi katatu, kenaka kapopereni madziwo m'munda womwewo. Kafukufuku anaonetsa kuti njira imeneyi imachotsa pafupifupi mankhwala onse omatirira m'botolo, malinga ngati mwatsuka nthawi yomweyo asanaume. Mlimi sataya kanthu, pakuti mankhwala amene anagula ndi ndalama zake onse apita ku mbewu.

Mukatsuka, boolani botolo ndi msomali kapena mpeni kuti wina asalitole. Pano ndi pamene mtima umakana, chifukwa botolo lili ndi chitsekero chabwino. Boolanibe. Ngakhale lotsukidwa katatu siliyenera kusungira chakudya kapena madzi. Musaliwotche pamoto, pakuti utsi wake ndi woipa, ndipo musalikwirire kapena kuliponya m'chimbudzi, pakuti madzi a pansi ndi omwewo amene timatunga pachitsime. Sungani mabotolo obowola m'thumba, pamalo okhoma, ndipo funsani alangizi a zaulimi a ku SDAE kapena amene anakupatsani mankhwalawo za kumene mungawabweze. Kumbukirani kuti m'zaka za m'ma 2000 boma lathu, mothandizidwa ndi FAO, linasonkhanitsa mankhwala akale otha ntchito ndi kuwatumiza kunja kwa dziko kuti akawonongedwe m'ng'anjo zapadera. Chimene chinafuna ng'anjo zotero, moto wa pamafuwa sungachithe.

Pa za madzi otsukira pampu, pali nzeru imene inayambira ku Sweden mu 1993, yotchedwa biobed. Ofufuza a pa yunivesite ya zaulimi ku Uppsala, Lennart Torstensson ndi María del Pilar Castillo, ndiwo anaifotokoza ndi kuiyeza. Amakumba dzenje lakuya pafupifupi masentimita 60, namata pansi pake ndi dothi la makande kuti madzi asadutse msanga. M'dzenjemo amathira zosakaniza: theka ndi mapesi oduladula, ndipo theka linalo ndi dothi la pamwamba ndi zomera zowolerana za m'dambo, mofanana muyeso. Pamwamba amabzala udzu. Mlimi amasungunulira mankhwala ndi kutsukira pampu pamenepo.

Chinsinsi chake chili m'mapesi. Pa mapesi owola pamamera mtundu wa bowa woyera, wofanana ndi umene timauona pa zitsa za mitengo yakufa. Bowa ameneyu amatulutsa timadzi togaya mbali yolimba ya mtengo, ndipo timadzi tomweto timaphwanyanso mankhwala ambiri a mbewu. Mayiko ena anasintha njirayi kuti igwirizane ndi zimene ali nazo. Ku Italy ndi ku Greece anayesa kompositi m'malo mwa zowolerana za m'dambo, ndipo ku Guatemala alimi ang'onoang'ono amagwiritsa ntchito mapesi a chimanga. Ife mapesi tili nawo, a chimanga ndi a tirigu, ndipo chaka ndi chaka timawatentha.

Dzenje lotere si lotayiramo mankhwala otsala m'botolo, koma madontho ndi madzi otsukira okha. Likhale kutali ndi chitsime ndi mtsinje, pamalo osasefukira, lotchingidwa kuti ana ndi ziweto asafikepo. Musanakumbe, itanani alangizi adzaone malowo. Ngakhale amene sangathe kukumba angachite chinthu chimodzi lero lomwe: kutunga madzi m'chidebe ndi kukatsukira pampu m'munda, osati mumtsinje.

Boma linachita mbali yake mu 2014 pamene linaletsa mankhwala oposa 50 oopsa kwambiri. Komabe m'misika ya m'malire timaonabe mankhwala otsanulidwa m'timabotolo ta zakumwa, opanda dzina ndi malangizo. Musagule otero. Munthu akamwa mwangozi, achipatala sadziwa chimene akulimbana nacho. Ndipo wina akayamba kudontha dovu, kutuluka thukuta, kusanza kapena kuchita chizungulire atapopera, muvuleni zovalazo, musambitseni ndi sopo, ndi kuthamangira naye kuchipatala mutatenga botolo lake. Musamumwetse mkaka kapena kumusanzitsa.

Ife a kumapiri tili kumutu kwa madzi. Timitsinje tathu timatsikira ku Revubwe ndi mitsinje ina, mpaka ku Zambezi. Amene amamwa kumunsi ndi anansi athu ngakhale sitiwadziwa maina, ndipo chimene tathira kumtunda ndicho tawapatsa.

Chomwecho ndikupempha akulu a mpingo ndi amayi a Chigwirizano kuti pa mlaga uliwonse mukambirane nkhaniyi nyengo yopopera isanafike. Achinyamata odziwa Chipwitikizi ndi Chingerezi awerengere makolo awo zolembedwa pa mabotolo. Ndipo aliyense ayang'ane m'nyumba mwake sabata ino. Amayi aja anatsanulira kunja mafuta awo tsiku lomwelo, ngakhale anali atawagula kumene, ndipo amuna awo anaboola botololo ine ndikuona. Kwathu nditabwerera ndinapezanso limodzi kuseri kwa nkhokwe, mmene ana ankasungiramo nthanga za maungu.

Mtendere ukhale nanu nonse.

Mbusa wanu