Gulugufe alibe mlandu pa kabichi wathu

Kuyambira Ogasiti mpaka kugwa kwa mvula yoyamba, kabichi wa m'madimba sapuma. Oyenda mumsewu wa M1 amangoona milu ya mitu yonenepa pa Lizulu, pa mphambano ya ku Tsangano kapena pa Jenda, koma mlimi amene wafikitsa pamsika mutu wosabowoka ndiye amadziwa ndalama zimene zathera m'sipuleya. Mukamufunsa chimene chikumusowetsa tulo akuuzani kuti ndi mbozi. Mukafunsanso kumene mbozizo zikuchokera, kawirikawiri chala chimaloza gulugufe woyera amene akuuluka masana pamwamba pa mabedi.

Gulugufeyo tikumunamizira. Ku Ulaya n'zoona, kuli agulugufe oyera amene amaikira mazira pa kabichi, ndipo abale athu amene amalima timinda tawo ku Britain amalimbana nawo chaka ndi chaka. Mtundu umodzi wa agulugufe amenewa unafikanso ku Cape Town m'zaka za m'ma 1990. Koma oyera amene amadutsa mwaunyinji kuno kummwera kwa Africa m'nyengo ya dzinja, ambiri mwa iwo mbozi zawo zimadya masamba a mitengo ya kutchire. Amene akutimaliza ife ndi kanjenjete kotuwa, kosakwana n'komwe sentimita imodzi, kamene masana kamabisala kunsi kwa tsamba n'kuyamba kuuluka dzuwa likamalowa. Akatswiri amakatcha Plutella xylostella. Gwedezani kabichi madzulo, mudzaona tinthu tikuuluka pang'ono n'kuteranso pafupi pomwepo. Ndi timeneto.

Kakakazi kamodzi kamaikira mazira oposa 100, ang'onoang'ono, achikasu. Mbozi yake ndi yobiriwira ngati tsamba lomwelo, ndipo mukaikhudza imaphiriphitha n'kudzigwetsa, kutsala ikulendewera pa kaulusi. Ikamadya imapala tsamba chakunsi n'kusiya kakhungu kopyapyala pamwamba, kamene kenaka kamang'ambika kukhala bowo. Kukatentha, kuchokera pa dzira kufika pa kanjenjete kena koikiranso mazira pamangopita masabata awiri kapena atatu. Werengani nokha: kabichi amene amakhala m'munda miyezi itatu amadyetsa agogo, ana, zidzukulu ndi zidzukulutudzi. Mvula yamphamvu imakokolola timbozi tambiri, n'chifukwa chake vutoli limakula m'chilimwe, nthawi imene ife timadalira dimba.

Yankho lathu pa zonsezi lakhala limodzi: kupopera. Sabata ino saipa, sabata yamawa saipa. Akaona kuti mbozi sizikufa, mlimi amawonjezera muyezo, kapena amathamangira kusitolo kukagula botolo la dzina lina. Apa ndi pamene ambiri amaluzira ndalama osadziwa. Cypermethrin (saipa uja), deltamethrin ndi lambda-cyhalothrin ndi mayina atatu, mabotolo atatu, mitengo itatu, koma onse ndi a banja limodzi ndipo amapha m'njira imodzi. Mbozi imene yapirira woyambayo kawirikawiri imapiriranso enawo. Dimethoate naye, amene ena amasakaniza momwemo kuti mankhwala akhale aukali, ntchito yake yeniyeni ndi ya nsabwe za m'masamba.

Kanjenjete aka kali ndi mbiri pa nkhani yopirira mankhwala. Mu 1953, pa chilumba cha Java ku Indonesia, kanapezeka kuti sikakufanso ndi DDT, ndipo kamatchulidwa kuti ndiko kachirombo koyamba ka mbewu za m'munda kuchita zimenezi. Cha m'ma 1990 ku Hawaii kanakhalanso koyamba kupirira mankhwala otchedwa Bt m'munda. Palibe matsenga apa. Mukapopera, zofooka zimafa, zolimba zochepa zimatsala, ndipo pakatha masabata atatu munda wadzaza ndi ana a zolimbazo. Mlimi amene amapopera mankhwala amodzimodzi mowirikiza akuchita zimene amachita posankha mbewu ya chimanga: akusunga zabwino kwambiri kuti zibereke. Kusiyana kwake n'kwakuti apa akusankhira mdani.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti saipayo amapha bwino lomwe alonda amene tinapatsidwa ulere. M'dimba muli timavu tating'ono, tosaluma munthu, timene timabaya mbozi n'kuikira dzira m'thupi mwake. Mwana wa kamavuko amadya mboziyo cham'kati. Mukapeza kunsi kwa tsamba kachikwa koyera, kolimba, kooneka ngati kambewu ka mpunga, musakaphwanye. Mmenemo mutuluka kamavu kena. Akangaude, mbalame ndi mavu akuluakulu omanga zisa aja nawonso amatola mbozi. Ku Kenya bungwe lofufuza za tizilombo la icipe linachita kuitanitsa mtundu wina wa timavu, Diadegma semiclausum, kuchokera ku Taiwan, n'kuyamba kutimwaza m'minda ya kumapiri mu 2002, ndipo kumeneko alimi ambiri anachepetsa kupopera. Anzathu akukwezetsa timavu ndege, ife tikutithira mankhwala Lolemba lililonse.

Sindikunena kuti mlimi ataye sipuleya n'kumangopemphera. Kabichi ndi ndalama ya fizi, ndipo pali nthawi ziwiri zimene mbozi siziyenera kupatsidwa mpata: mbande zikadali pa nazale kapena zitangowokeredwa kumene, ndi pamene mutu wayamba kukulunga. Pa mbande pamabweranso mbozi ina imene imalowa pa nsonga penipeni n'kuluka ulusi. Ikadya pamenepo kabichi amaphuka timitu tambirimbiri topanda msika. Mutu ukakulunga mbozi ili m'kati, ngakhale mupopere chotani simuifikira. Pakati pa nthawi ziwirizi kabichi amapirira mabowo ambiri kuposa mmene timaganizira.

Pa nazale, chotchinga chimaposa mankhwala. Ku Benin ofufuza anayesa kufunditsa kabichi neti ngati ya udzudzu kuyambira madzulo mpaka m'mawa, masana n'kuvundukula, ndipo mbozi zinachepa kuposa m'mabedi opoperedwa. Nzeru yake ndi yosavuta: kanjenjete kamaikira usiku, ndiye katsekereni kunja usiku. Masana neti ichoke kuti mphepo ipite ndi kuti adani a nsabwe alowe, chifukwa nsabwe zimaswana mosangalala pansi pa neti yosavundukulidwa. Ndikudziwa kumene maganizo a ena athamangira. Ayi, neti imene munalandira kuchipatala ndi ya mwana wanu; malungo ndi oopsa kuposa mbozi, komanso netiyo ili ndi mankhwala amene sanapangidwire ndiwo.

Pali njira inanso imene imandisangalatsa chifukwa chida chake tili nacho kale. Chimene chimaitana kanjenjete ndi fungo loyabwa lija la mbewu za banja la kabichi, ndipo mpiru uli nalo lambiri. Ku India, ofufuza a ku Bangalore analangiza alimi kubzala mizere iwiri ya mpiru pakatha mizere 25 iliyonse ya kabichi, kuti tinjenjete tikaunjikane pa mpiruwo. Msampha umenewu umagwira ngati mwini wake akuuyendera. Mpiru wodzaza mbozi uyenera kuzulidwa kapena kupoperedwa pawokha, apo ayi mwangotsegula khola loweteramo adani pakati pa munda. Ndipo mpiru wa msampha wopoperedwa si wopita nawo kumsika.

Za ombwe, amene ena amati katupe kapena mthuthu, alimi amakangana. Wina amati amagwira, wina amati n'kutaya nthawi, ndipo onse akhoza kukhala akunena zoona. Kafukufuku amene anachitika kuno ku Malawi anapeza kuti ombwe alipo wa mitundu iwiri yofanana maonekedwe, wina ali ndi mphamvu yopha tizilombo, wina alibe. Ngati wa mnzanu amagwira, pemphani mbewu ya ameneyo. Musatsukire ndowa yake mumtsinje, paja ndi yemwe uja amaledzeretsa nsomba. Nimu amathandiza makamaka pa timbozi tating'ono, poti amatilepheretsa kudya ndi kukula. Bt, kumene akupezeka, amapha mbozi yokhayo imene yadya tsamba, timavu n'kutsala. Mupopereni madzulo chifukwa dzuwa limamufooketsa, ndipo musayembekezere kuona mitembo nthawi yomweyo, pamapita masiku awiri kapena atatu. Chilichonse chimene mwasankha, lozetsani kunsi kwa tsamba. Tsamba la kabichi lili ndi phula, madzi amangotsetsereka, ndipo mbozi sikhala pamwamba.

Komabe zonsezi zimachepa mphamvu ngati dambo lonse silikugwirizana. Yendani m'dambo lililonse lolimidwa masamba: uyu akufesa, uyo akuwokera, winayo wadula mitu n'kusiya zitsa zikuphukira pomwepo, pambali pake pali repu, tchainizi ndi kamganje. Kwa kanjenjete, chakudya sichitha chaka chonse. Zitsa zosiyidwazo ndiye nkhokwe yake yaikulu, ndipo kuzizula n'kuzikwirira kapena kupatsa ziweto sikufuna ndalama. Makomiti a m'masikimu amatha kugwirizana za tsiku lotsegula madzi ndi chindapusa cha wosabwera kokonza ngalande. Sindiona chowaletsa kugwirizananso kuti wokolola azule zitsa sabata yomweyo, kapena kuti chigawo china cha dambo chikhale milungu ingapo chili ndi anyezi, nyemba kapena chimanga chokha.

Tsopano ndifike kwa ife ogula, poti mlandu wina ndi wathu. Mayi akafika pa benchi amatembenuza mutu wa kabichi, akaona kabowo kamodzi pa tsamba lakunja amaubweza, kapena amati, "Achimwene, uyu ndi wodyedwa, muchotsereko." Venda amamva, ndipo akapita kukapikula amauza mlimi kuti wobowoka satenga. Mlimi amamvanso, ndipo amapopera mawa lake galimoto ikubwera. Pa botolo lililonse lovomerezedwa ndi Pesticides Control Board pamalembedwa masiku oyenera kudikira musanakolole, koma mankhwala ambiri amagulidwa otapidwa m'timabotolo topanda chizindikiro, ndipo ngakhale chizindikiro chikhalepo, kawirikawiri chimakhala m'Chingerezi cha zilembo zofuna magalasi. Repu ndi tchainizi ndiye zimandidetsa nkhawa koposa, chifukwa zimathyoledwa sabata ndi sabata ndipo palibe masamba akunja oti n'kusenda n'kutaya. Kabichi wa saladi pa ukwati sapita n'komwe pamoto.

Bowo la mbozi pa tsamba silidwalitsa munthu. Si umboni wakuti mundawo sunapoperedwe, poti taona kale kuti mbozi zina zimadya saipa ali pomwepo, koma mutu wosalala kotheratu mu Okutobala, mwezi umene kanjenjete kali pachimake, uyenera kutipatsa mafunso ambiri kuposa wobowoka. Ine ndimagula wobowoka masamba akunja bola mutu ukhale wolimba, ndipo sindipempha kuchotserako. Alangizi akhoza kuphunzitsa za timavu, neti ndi mpiru mpaka mawu kusasa, koma malinga ngati venda akukana mutu chifukwa cha bowo limodzi, mlimi wa ku Bembeke adzapoperabe dzulo lake la msika.